Kompyuta Yokana Kukwatitsa Anthu

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Obo-Loko Systems,
Accra.

Wolemekezeka Bwana,

Ine ndine Ekow Bentsil, kalaliki wamba mu ofesi yolembetsa maukwati. Ndalemba pamanja, poti kompyuta yakana, kukuthokozani chifukwa cha pulogalamu yanu yoyendetsa makompyuta, imene akatswiri akunja anaipatsa satifiketi ya chitetezo ya gawo lachisanu ndi chiwiri, lapamwamba zedi. Chiyiikireni mu Malichi, palibe mbava imene yalowamo. Ifenso sitinalowemo.

Ndili ndi timadandaulo tochepa, tosayenera n'komwe makutu anu.

1. Mawu achinsinsi ndi a zilembo makumi anayi, ndipo kuwalemba papepala n'koletsedwa. Anzanga a mu ofesi, Mayi Araba, anawapekera nyimbo kuti tisaiwale. Tikafika pakolasi, makina amakhala atadzitseka kale. Koma nyimboyo yatchuka: dzulo ndinamva mayi wogulitsa chakudya cha kenkey pageti akuiimba.

2. Sitinadziwe kuti satifiketi yanu imagwira ntchito pokhapokha kompyuta isalumikizidwe ku china chilichonse. Nditalumikiza makina osindikizira ndi chingwe, injiniya wanu anabwera thukuta lili kamukamu, nanena kuti ndatsitsa dziko lonse kufika gawo la ziro. Anapita nacho chingwecho.

3. Kobina Eshun ndi bwenzi lake Esi anabwera mu Malichi momwemo, atatchena kente, kudzasaina ukwati. Abwera kakhumi ndi kamodzi tsopano, ndipo nsalu ija Esi sikumukwananso pamimba. Mayi ake a Esi amakhala pabenchi panja tsiku lililonse, n'kumauza aliyense wodutsa kuti ine ndine chitsiru chovala tayi. Alumbira kuti mwanayo akabadwa ukwati usanalembedwe, adzamugoneka patebulo panga, ndimulere ndine. Bwana, kwathu ndili nawo kale asanu.

Ndamva kuti pa zaka zisanu mwagulitsa pulogalamuyi kwa anthu anayi okha. Musadandaule, anthu ndi mbuli. Akuthamangira ya gawo lachiwiri, ngati ya anzathu a tauni yoyandikana nafe, imene imagwidwa vairasi sabata iliyonse. Amangokwatitsa mabanja makumi awiri patsiku, opanda chitetezo chilichonse. Zamanyazi!

Pempho langa, nditagwada, ndi ili: chuma chotere chisawonongekere pa ife anthu osayenera. Kaikeni makinawa kukhoti lothetsa maukwati, ife atipatse taipilaita yawo yakale ija. Mukatero, m'dziko muno simudzathanso banja ngakhale limodzi.

Ine wanu wotetezedwa koopsa,

Ekow Bentsil,
Takoradi.