Ka "za" Kamene Kanagwa Panjira

Lolemba

Okutobala. Kutentha. Choko chikumata m'zala.

A Prinsipo andiitana m'mawa. Akuti maola anga awiri a phunziro la kalembedwe apita ku makompyuta chaka chamawa, pokhapokha mayi oyendera makoleji, amene akubwera Lachisanu kuchokera ku Lusaka, aone kuti phunziroli lili ndi ntchito. "Ba Ticha, tionetseniko chinthu chogwirika." Zaka khumi ndi zinayi ndikuphunzitsa anthu kuika mpumiro pamalo pake, lero ndionetse chogwirika!

Nzeru ilipo. Ophunzira anga khumi ndi asanu ndi atatu, aphunzitsi a mawa, achite kafukufuku weniweni. Pabolodi ndalemba:

Kalembeni za anthu asanu a m'midzi yapafupi. Afunseni mmene ulimi wa chimanga wasinthira chiyambire ubwana wawo.

Pansi pake mafunso anga atatu a masiku onse:
1. Wanena ndani?
2. Wadziwa bwanji?
3. Palibe wonena zosiyana?

Nkhani zonse zifike patebulo langa Lachinayi. Lazaro, mkulu wa kalasi, watumiza uthengawu pa foni kuti wina asadzati sanamve.

Mtima uli m'malo. Ndikukumbuka aphunzitsi anga a giredi seveni ku Petauke, amene anatituma kulemba za mtengo umodzi wa mango sabata yathunthu. Tinawada. Mtengowo ndimauonabe mpaka lero, nthambi iliyonse.

Lachiwiri

Apita! Njinga, makope, zipewa. Ndaima pageti kuwayang'ana mpaka fumbi latha, maso akuyabwa pang'ono.

Masana Esinati, wophunzira wanga wakhama kuposa onse, wabwera akupuma mofulumira: "Ba Ticha, anthu atilandira bwino maningi. Ena akutithamangira okha kuti tiwalembe." M'manja ali ndi nkhuku. Akuti ndi yanga.

Nkhuku! Pa kafukufuku!

Ndauza mai a kunyumba kuti anthu athu ali ndi njala yoti wina awamvetsere. Iwo osatukula n'komwe mutu pa makina awo osokera: "Mwezi uno anthu ali ndi njala ya chinthu chimodzi, ndipo si chimenecho."

Sindinawafunse kuti n'chiyani. Nkhuku ili kuseri kwa nyumba, yomangidwa mwendo.

Lachitatu

Sikisi koloko. Amuna atatu pageti la nyumba yanga, pano pa koleji, zipewa m'manja, ziphaso zawo m'timapepala ta pulasitiki. "Mwauka bwanji, bwana? Ndiye pano polembetsa fataleza?"

Ndathamangira kwa Lazaro. Ndiye foni yake ikuti: Kalembeni anthu asanu.

Ka "za" palibe! Zilembo ziwiri zokha!

Ndipo ine mphunzitsi wa mawu sindinaganize. Kuno kulemba munthu si kulemba nkhani yake. N'kumuika pa mndandanda. Atate anga malemu ankadzuka m'bandakucha Lolemba, atavala malaya awo oyera amodzi aja, kukaima pamzere kwa kapitawo wa msewu kuti mwina awalembe. Akabwera madzulo tinkangoona kayendedwe kawo, n'kudziwa. Tsopano tumizani achinyamata ovala bwino, kope m'manja, kukafunsa dzina la munthu ndi za chimanga chake, mvula itatsala pang'ono kugwa. Aganize chiyani?

Masana pageti pali:
amuna khumi ndi mmodzi,
amayi sindinawerenge,
njinga zotsamira mpanda wanga wa maluwa,
bambo wina wa ndodo amene akuti wabwera kudzaimira akazi ake awiri, aliyense payekha.

Ndakwera pa njerwa. Ndafotokoza pang'onopang'ono kuti sitikulemba anthu, tikulemba za anthu. Agwedeza mitu mwaulemu. Palibe wachoka.

Ndayesa mafunso anga. Zoti kuli fataleza wanena ndani? "Aliyense." Mwadziwa bwanji? "Taona mzere." Palibe wonena zosiyana? "Inu nokha, bwana."

Kumbuyo ndamva wina akuuza mnzake: "Akamakana chonchi ndiye kuti matumba ndi ochepa. Usasunthe."

Lachinayi

Minibasi ya ku Rufunsa yatsitsa anthu pa geti penipeni, kondakitala akufuula "Pa fataleza, tsikani!" Ena achokera ku Shikabeta pa njinga. Ku Shikabeta! Mayi wina wayala tebulo, akugulitsa vitumbuwa kwa a pamzere.

Lero ndi tsiku lolandira nkhani. Zimene ndalandira:
nkhani: theka la tsamba, la Esinati;
makope odzaza maina: khumi ndi asanu ndi awiri;
uchi botolo limodzi, maungu, nkhuku ina.

Lazaro walemba masamba anayi a maina okhaokha, mizere yowongoka ndi rula. "Munati asanu, ba Ticha, koma amalume anga ndingawasiye bwanji? Manje amalume ali ndi azilamu awo."

Choopsa n'chakuti ophunzira eni ake ayamba kukhulupirira. Esinati, Esinati wanga, potuluka wandinong'oneza: "Ngati zilikodi, amayi anga muwaike pamwamba."

Ndamata chikwangwani pageti: PANO SITILEMBA ANTHU. Wachiwerenga mokweza mnyamata wina wa njinga yamoto, n'kumasulira kuti ndiye kuti amalembera kuseri. Mzere wonse wasamukira kukhomo la khitchini. Mai a kunyumba asiya kundilankhula.

A Prinsipo adutsa, manja kumbuyo: "Mawa teni koloko ndisaone munthu pano." Chakudya sichikulowa.

Lachisanu

Ndawapempha anthu a pamzere. Ndawagwadira ndi mawu. Naini koloko ena ayambadi kukankha njinga zawo kuti azipita.

Kenako galimoto yoyera, ya ku Lusaka, yakhota pamsewu waukulu.

Nthungululu! Fumbi! "Abwera eni ake!" Amene anali atanyamuka abwerera akuthamanga. Mayi oyendera akhala m'galimoto magalasi otseka kwa mphindi khumi, ziphaso zitamatidwa pawindo mbali zonse. A Prinsipo akukankha anthu ndi faelo.

M'kalasi. Mayiwo akupukuta magalasi a m'maso, atsegula kope loyamba. Lachiwiri. Mpaka kope lachisanu ndi chimodzi. "Nkhani zake zili kuti?"

Ndati nkhani yaikulu ili panja pa windo, madamu. Sanaseke.

Afunsa Lazaro chimene waphunzira chaka chino. Waimirira bwino, watchula mafunso atatu aja osaphonya. Mtima wanga wadzuka pang'ono. Mayiwo: "Chabwino. Zoti kuli fataleza wanena ndani?" "Anthu, madamu." "Adziwa bwanji?" "Tinawalemba."

Alemba mzere umodzi m'buku lawo. Waufupi kwambiri.

Powaperekeza, dalaivala wawo wandikokera pambali. Akuti apongozi ake amalima kufupi ndi kuno, ngati pakadali malo.

Loweruka

Kalata ya a Prinsipo, yabwera ndi mlonda. Kuyambira Januwale maola awiri aja ndi a makompyuta. Ine ndizikayang'anira laibulale. Komanso ndithetse "chisokonezo chimene ndinayambitsa" sabata isanathe. M'kalatamo muli zolakwika zitatu. Sindinazichonge.

Ndayenda ndi njinga kubweza mphatso. Palibe wolandira. Mwini uchi watsala pang'ono kulira: "Mukundibwezera, ndiye kuti mwandifufuta?" Ndabwera nazo zonse, nkhuku zikulira pa kaliya.

Masana ndakhala pansi pa mthunzi kuwerenga makope aja. Maina ndi midzi, maina ndi midzi. Ena pambali pa dzina anaumiriza kuti palembedwe kanthu: "wamasiye", "munda uli kutsidya", "chaka chatha anandidumpha". Pena ndaima nthawi yaitali. Nkhani zinalipo ndithu, zinangofupika.

Ndalemba chilengezo choti akawerenge mawa kutchalitchi. Tsamba lathunthu: chiyambi, pakati, mathero, ndi ndime yapadera yofotokoza ka "za". A katekisiti alitembenuza uku ndi uku. "Chatalika, ba Ticha. Pali zilengezo za kwaya ndi za maliro. Ndichifupikitsa ine."

Lamlungu

Tchalitchi chadzaza kuposa pa Pasaka. Ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Za kwaya. Za maliro. Kenako a katekisiti atsokomola, osatulutsa n'komwe pepala langa m'thumba: "Aphunzitsi a pa koleji akuti kulemba kwatha."

Theka la tchalitchi laomba m'manja. Theka linalo latembenuka kundiyang'ana, khosi ndi khosi, mpaka benchi lakutsogolo. Bambo amene ndakhala nawo pafupi andigwira dzanja ndi manja awo onse awiri: "Mwachita bwino kutseka, bwana. Tikanachulukana."

Ndayamba kuimirira kuti ndikonze. Mai a kunyumba andikoka jekete. Ndakhalanso pansi.

Ndipo ndikonze chiyani? Ndachibwereza chiganizocho m'mutu njira yonse yobwerera, kufunafuna poika bolopeni yofiira. Palibe. Pa zonse zimene zanenedwa sabata ino, ichi chokha n'cholondola.