Ndinatengera Apongozi Kukaona Dzuwa

Mpaka lero apongozi anga akaimba foni kuchokera ku Zomba, moni asanathe amayamba kuseka mpaka kutsokomola. Ndinaziputa ndekha.

Atabwera kudzacheza kwathu ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, ndinkafuna aone kuti mwana wawo anakwatira mkazi wodziwa zinthu. Ndiye tikutuluka m'tchalitchi, ndinalengeza pamaso pa amayi onse (pakamwa panga sipadikira mutu) kuti apongoziwo ndiwatengera kumpoto kwa Scotland akaone kuwala kobiriwira kumene kumavina kumwamba, kuja azungu amati northern lights.

"Ulendowo ndi wa liti?" anafunsa amuna anga.

"Juni, nthawi yotentha kuno. Mukufuna amayi akaume ndi chisanu?"

Anatsegula pakamwa. Ndinawayang'ana. Anatseka.

Tinanyamuka Loweruka, galimoto itadzaza mabulangete, tiyi ndi mandasi. Tinayenda mpaka misana kuuma, n'kukaima paphiri lina lopanda nyumba. Apongozi anakhala pampando wopinda, majekete awiri ndi duku, maso kumwamba ngati akudikira kubweranso kwa Ambuye.

Dzuwa osalowa. Linangotsamira paphiri ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Litalowa, mdima unakana kubwera, kunja kuli mbee! M'malo mwa kuwala kuja kunafika tizilombo tating'ono kuposa udzudzu, toluma ngati tachita kutumidwa. Tinalowa m'makutu, m'mphuno, mpaka m'duku la apongozi.

Bambo wina wachizungu woyenda ndi galu anatifunsa chomwe tinkadikira. Nditamuuza (monyadira, abale), anaseka mpaka galu kuuwa. Akuti kuwalako kumafuna mdima weniweni, tidzabwerenso nthawi yachisanu. Amuna anga ankangoyang'ana nsapato zawo.

"Mayi a Tadala," anatero apongozi akudzikanda m'khosi, "dzuwatu ku Zomba liliko. Komanso silibwera ndi zoluma."

Anabwerera kwawo mu Ogasiti. Mu Okutobala, usiku utayambanso kutalika, kuwala kuja kunabwera kokha pamwamba pa Glasgow, anthu n'kumajambula ali pamawindo a nyumba zawo. Ine ndinali ndikuliza mkonono, nditaweruka kosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. M'mawa ndinapeza chithunzi pafoni, chochokera ku Zomba. Amayi akutchalitchi aja anali atawatumizira apongozi, iwo n'kunditumizira ine. Pansi pake analemba kuti, "Kodi n'zimenezi?"

Panopa ndikukonza ulendo wokaona anangumi, ndipo mwezi wake ndasankha kale ndekha.