Sabata Yokweza Mtengo

Lolemba

Basi! Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Sabata ino ndikukweza mtengo wa ntchito yathu yoyeretsa m'nyumba za anthu.

Andikankha ndi Anangozo. Zaka zitatu tikukolopa limodzi, ine ndi iwo, chiyambire geni imeneyi ndi ndowa imodzi yobwereka. Lero tikupukuta mawindo, osandiyang'ana n'komwe, angoti: "Asisi, ku esiteti ina ku Nsaru akufuna anthu osankha fodya. Lole ikubwera Lolemba likudzali. Malipiro anga akakhala omwewa, ndikwera."

Sakunama ayi. Ali ndi ana atatu, bambo wa anawo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Koma popanda Anangozo ine ndine ndani? Pa makwerero amakwera ndi iwo. Ine ndikangoponda sitepe yachiwiri dziko limayamba kuzungulira. Ndipo ndingawawonjezere kuchokera pati, ngati makasitomala akulipirabe mtengo wakale?

Zimene zakwera chiyambire:
- sopo waufa
- polishi
- kabaza, ngakhale potsetsereka
- minibasi ya ku Namitete
- matsache. Udzu, abale, udzu womera wokha!

Zimene sizinakwere:
- ine

Makasitomala akuluakulu ndi atatu: Mayi Gondwe a ku nyumba za ogwira ntchito ku Chitedze, a Chisale a resitihausi ku Namitete, ndi amayi abusa kwathu kuno ku Mpingu. Atatuwa akavomera, ang'onoang'ono enawo angotsatira, ndipo Anangozo sakwera lole ya munthu.

Dongosolo lake ndi ili:
1. Moni, mpaka ana ndi odwala onse.
2. Kudandaula kuti zinthu zadula. Nkhani ya ndalama sungangomugenda nayo munthu, tinaleredwa ife.
3. Kunena.

Ndayeserera kanayi kuseri kwa nyumba, nkhuku zikumvetsera. Palibe yatsutsa! Ndawauza Anangozo kuti asamange katundu. Ndikuona kale mayunifomu abuluu, ife awiri tikutsika pa kabaza ngati anthu a kampani.

Lachiwiri

Chitedze. Tayamba ndi ntchito kaye kuti nyumba indiyankhulire. Pansi waliwali, mawindo ngati mulibe galasi. Anangozo akutsiriza kubafa, ine ndavula epuloni, ndakhala m'mphepete mwa mpando wa pabalaza.

Gawo loyamba layenda bwino. Ana ali bwino, apongozi ku Rumphi miyendo yayamba kupepuka.

Gawo lachiwiri. Ndangoti, "Mayi, koma zinthu zadula masiku ano."

Mayo ine! Ngati ndatsegula mpopi. Mayi Gondwe aika foni pansi. Shuga. Mafuta ophikira. Makala. Fizi ya mwana wa ku sekondale. Malipiro a bambo osasuntha. Wachigayo wakweza, wometa wakweza, wosoka nsapato wakweza, wa zitumbuwa wachepetsa chitumbuwa kenako n'kukwezanso. Sopo wanga ndamutchula kamodzi, wamira pomwepo. Pa madandaulo mayi aja ali ligi ina. Ndapezeka ndine ndikuwatonthoza!

Kenako andigwira dzanja. "Aliyense akutibaya, mayi. Inu nokha ndi amene simunakweze. Ndimawauza bambo kuti anthu ngati inu atsala ochepa."

Gawo lachitatu lili pakhosi penipeni. Ndiye kwabwera tiyi. Wamkaka. Ndi buledi wopaka majarini mosaumira. Ungamukwezere bwanji mtengo munthu, buledi wake ali mkamwa mwako? Ndameza zonse pamodzi, buledi ndi nkhani yomwe.

Panjira Anangozo: "Zatheka?" Ndati munda ndagalauza, kwatsala kudzala.

Koma uku si kulephera ayi! Ndaphunzirapo kanthu: gawo lachiwiri ndi dzenje. Mawa ndilidumpha.

Lachitatu

Namitete! Lero n'kulunjika basi. Ndavala chitenje chatsopano ndi duku, kuti a Chisale aone kuti kwabwera mwini geni, osati wokolopa. Zipinda zisanu ndi zitatu Anangozo ayamba okha.

A Chisale ali pakhonde akumvera wailesi. Ndaodira. Ndakhala pansi pa simenti chapatali pang'ono, manja pamiyendo, nkhope yosaseka. Ndati, "Bambo, ndabwera ndi mawu."

A Chisale azimitsa wailesi. Avula chipewa. Aitana akazi awo kukhitchini, nawonso adzakhala pansi pambali panga, mutu woweramitsa.

"Ndani watisiya?"

Abale inu! Duku, kukhala pansi, m'mawa pakati pa sabata, mawu otsitsa. Ndakhala ndendende ngati munthu wobwera ndi uthenga wa zovuta. Ndipo akazi a Chisale kwawo n'ku Mpingu konkuno, mayi awo okalamba amakhala kuseri kwa msika. Misozi yalengeza kale m'maso mwawo.

Ndati ayi, ayi, onse ali moyo, agogo ndawaona dzulo akuthothola mtedza pabwalo. Chimwemwe chake! Mayi aja andikumbatira, a Chisale aitanitsa chakumwa chozizira. "Mwatiopsa, mayi. Nanga mawu ake ndi otani?"

Munthu wangoukitsa kumene agogo kwa akufa, n'kupitiriza kuti sopo wadula? Ndati ndimafuna kuwadziwitsa kuti m'chipinda chachinayi mwalowa chiswe. Andithokoza kwambiri. Akuti antchito ena sakananena.

Anangozo amva zonse pa windo la chipinda chachiwiri. M'minibasi aseka kuchokera pa Namitete mpaka pa Msundwe, kupukuta misozi ndi chitenje. Atatha kuseka angoti, "Kwatsala masiku anayi, abwana." Akanditcha abwana ndiye kuti zavuta.

Lachinayi

Nzeru zatsopano!! Vuto ndi nkhope. Ndikaona nkhope ya munthu mawu amandithawa. Foni ilibe nkhope. Ndagula bandulo.

Uthenga wopita kwa amayi abusa ndaulemba, ndaufufuta, ndaulembanso. Womaliza watuluka wokongola, waulemu koma wolimba, mwini ndikuchita kudziopa. Koma sungatumize nkhani kwa munthu wamkulu usanamve mmene wadzukira. Ndatumiza kaye moni wokha.

Dikiru, dikiru. Ayankha ndi mawu ojambula, mphindi zisanu ndi ziwiri. Mkati mwake muli:
- moni
- pemphero la ine, la ana, la geni yanga (ameni!)
- nyimbo, ndime imodzi
- "Wakutumani ndi Mulungu, mwanangu. Loweruka holo ya tchalitchi ikufunika kuikonza, Lamulungu tili ndi alendo. Ndimangoti kodi ndipemphe ndani?"

Ndayankha kuti tibwera. Zala zalemba zokha. Za malipiro sananene, nanenso sindinafunse, holo ndi ya Mulungu. Uthenga wanga wokongola uja ukadali mufoni, bandulo yathera pemphero.

Sindikugwa mphwayi. Ndakumbuka chimene ndimayenera kuyambira pa Lolemba pomwe: kwathu kuno nkhani yovuta sukanena wekha. Umatuma! Ndipo ine ndili ndi atsibweni anga, nkhoswe ya banja lathu lonse, munthu amene anabweza alamu anga kawiri atamanga kale katundu. Akayankhula iwo, ngakhale wokwiya amapezeka akupepesa. Avomera kupita kwa a Chisale mawa. Thiransipoti ndi yanga.

Ndawauza Anangozo kuti tsopano nkhani ili m'manja mwa akatswiri!

Lachisanu

Atsibweni anyamuka ndi jekete, tayi ndi ndodo. Ndawabwerezera katatu pa siteji: mtengo ukwere, mtengo ukwere, mtengo ukwere. "Iwe, nkhani zimene ndathetsa ine n'zazikulu kuposa sopo."

Tsiku lonse ndikukolopa uku ndikuimba. Nyumba ziwiri zing'onozing'ono tamaliza isanakwane thuu koloko. Anangozo akuti ndichepetse phokoso, mwana wa eni nyumba wagona.

Atsibweni abwera dzuwa litapendeka, akutokosa m'mano. Nkhuku, yachikuda. Akhala pampando, apempha madzi, atsokomola. "Nkhani yatha bwino. Palibe wakwiya."

Nthungululu ili kale pa lilime!

Chigamulo chake:
1. A Chisale amva dandaulo langa, ndipo andikhululukira.
2. Inenso ndawakhululukira. (Chiyani?!)
3. Poonetsa kuti chibale chilipo, azitipatsa tiyi tikafika.
4. Poonetsa kuti nanenso ndilibe mangawa, tizichapanso makatani.
5. Mtengo usasinthe, chifukwa ndi umene ukanabweretsa udani.

Ndafunsa kuti nanga ndinawatuma chiyani. "Mwana wa mlongo wanga, ntchito yanga ine n'kuyanjanitsa anthu. Zaka zitatu muli limodzi ndi bambo aja, ukufuna zithe chifukwa cha sopo?"

Ndatuma munthu woyanjanitsa maukwati, ndipo wayanjanitsa. Ndinene ndani? Makatani a resitihausi ija ndi khumi ndi asanu ndi limodzi, olemera ngati mabulangete. Ndapsa mtima mpaka ndatsuka mapoto oyera kale.

Anangozo sindinawauze za makatani. Podutsa pakhomo pawo ndaona chikwama chawo chachikulu achichapa, chili pa chingwe.

Loweruka

Holo! Fumbi la chaka chathunthu, zitosi za mileme, mabenchi omata chingamu kunsi. Anangozo ali pamwamba pa makwerero akuchotsa akangaude, ine pansi ndagwira, ndikuyang'ana zidendene zawo zong'aluka. Mantha andigwira enieni. Mayi ameneyu akupitadi.

Ndiye ndalimba mtima. Amayi abusa atabwera kudzaona ntchito, ndawatengera kuseri kwa holo tiyi asanatulukire, ndipo NDAYANKHULA!!! Sopo, polishi, kabaza, minibasi, matsache, zonse motsatana osapuma, kuti asapeze polowera. Ndati, "Ndipo ine, amayi, zaka zitatu sindinakwezepo ngakhale kamodzi, ndiye ndimati..."

"Zaka zitatu? Osakwezapo?"

Ndati ngakhale tambala.

Andigwira manja onse awiri, maso anyowa. "Musapitirize, mwanangu, ndamva zonse. Nkhani imeneyi si yonong'onezana kuseri kwa holo. Mawa ndiinena ndekha pamaso pa mpingo wonse."

Pamaso pa mpingo wonse! Mayi Gondwe amapemphera momwemo. Eni nyumba zing'onozing'ono pafupifupi onse ndi a momwemo. Amayi abusa akangoti mlipireni moyenera mwana uyu, angatsutse ndani? Zimene zandikanika masiku asanu zitheka mphindi ziwiri, pa maikolofoni! A Chisale adzamva ndi mphekesera, adzatsatira okha ndi manyazi.

Ndathamangira mkati, pang'ono kugwetsa makwerero. "Anangozo, masulani chikwama!" Andiyang'ana kuchokera kumwamba, tsache m'manja. "Mwanena kuti mukukweza? Mawu amenewo atuluka pakamwa panu?" Ndati sanafunike kutuluka, mayi aja ndi auzimu, amamva za mumtima.

Ndasita diresi yanga ya ku ukwati. Za mayunifomu ndasintha maganizo, akhale obiriwira. Buluu amaonetsa fumbi.

Lamulungu

Anena. Pa maikolofoni, alendo ali pomwepo.

Andiimiritsa kaye kuti aliyense andione. Kenako umboni: "M'masiku ano a dyera, pamene aliyense akukweza, pakati pathu pali mayi amene zaka zitatu sanakwezepo mtengo. Dzulo wandiuza yekha, modzichepetsa. Holo mukuiona ikuwalayi wakonza ulere. Inu a geni nonse, tengerani chitsanzo!"

M'manja. Nthungululu. Mayi Gondwe aimirira: "Ndi zoona, ine ndine mboni!" Kwaya yayambitsa nyimbo. Ine chiimire mu diresi ya ku ukwati, ndikumwetulira, chifukwa tchalitchi chonse chikundiyang'ana ndipo nkhope ilibe china chochita.

Potuluka amayi asanu andipatsa manambala a foni. Onse akufuna "mtengo wachikhristu uja". Wachigayo wandidutsa osandipatsa moni.

Tsopano ndikweze bwanji? Kukweza kwasanduka tchimo, ndipo chitsanzo ndine.

Masana Anangozo abwera kudzatsazika. Ndinakonzeka kuti andikalipire, ndipo zikanandipepukira. Ayi ndithu. Akhala pamkeka n'kuyamba kundipatsa malangizo. Windo la kukhitchini kwa Mayi Gondwe ndisamalikankhe, limagwera kunja. Mafuta a pakhoma amachoka ndi phulusa ndi mandimu, ndisataye sopo. Galu wa amayi abusa saluma, koma amaba zikolopa. Zinthu zonsezi zaka zitatu ine osazidziwa. Ndikungogwedeza mutu.

Ndawaperekeza mpaka pa mjigo. Ndati musapite, ndipatseni sabata imodzi yokha, ndikweza ndithu, ndili ndi dongosolo lina. Aseka pang'ono, andikonzera kolala ya diresi.

"Asisi, ndinu munthu wabwino, tchalitchi chonse chanena. Koma ana anga sadya umboni."

Lole ikunyamuka sikisi. Sindikawaona akukwera, ndikhala ndili kale panjira ya ku Chitedze.

Mawa nyumba zitatu, ine ndekha. Mtengo womwewo.