Ndinachapa Malamba, N'kudetsa Mkwatibwi

Mukadzandiona pa ukwati wa kuchikazi kwanga nditakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi amayi otsuka mbale, musadzaganize kuti n'kudzichepetsa. Malo amenewo ndinachita kuwagwirira ntchito. Ndipo mukadzamva wina kumeneko akundiitana kuti "a injiniya", chonde musadzandibweretsere wailesi yanu yowonongeka.

Mlamu wanga Chisomo, mng'ono wa akazi anga, ankakwatiwa. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati, kwa apongozi ku Chilomoni, nkhani itafika pa galimoto yonyamula mkwatibwi, amalume ake anati tichite hayala. Ine ndinatsokomola pang'ono. Ndili ndi kagalimoto kanga, kamene kanafika kuno katatopa kale ku Japan, koma ndi koyera, ndipo pa ukwati kuyera ndiko kumafunika.

"Galimoto ilipo," ndinatero. "Nanga mkamwini ndi wa ntchito yanji ngati sanganyamule mlamu wake?"

Amayi ena anaimba nthungululu. Akazi anga, mayi a Tadala, sanaimbe nawo. Anangondiyang'ana momwe amayang'anira mwana akanyamula kapu yagalasi.

Chifukwa chinalipo. Diresi limene Chisomo amati avale linali la mayi a Tadala, lomwe lija anavala pa ukwati wathu. Zaka zonsezi lakhala pansi pa sutukesi, litakulungidwa m'nsalu ya bedi. Tasamuka Bangwe, tasamuka Machinjiri, tadontheredwa ndi madenga, koma diresilo silinadontheredwepo kanthu. (Ineyo sindiloledwa n'kutsegula komwe sutukesi imeneyo, ngakhale ndinaigula ndine.) Tsopano analitulutsa kuti mng'ono wawo alivale, ndipo anandiuza kamodzi kokha, mwaulemu wawo woopsa uja: "Bambo a Tadala, lipite loyera, libwere loyera."

Lachisanu ndinapempha tchuthi kusitolo ya matayilosi komwe ndimagwira ntchito, kuti nditsuke galimoto. Ndinaiimika pabwalo pa nyumba yomwe timachita lendi ku Zingwangwa. Kunja ndinatsuka, matayala ndinapaka polishi, mipando ndinakuntha mpaka fumbi la chilimwe chonse linatuluka. Ndikanalekera pomwepo, lero ndikanakhala munthu. Koma ndinakoka lamba wa mpando wakumbuyo kuti ndimuone.

Abale, lamba ameneyu anali ndi mbiri. Mwana wathu Tadala amapukutirapo manja akadya chipisi, mango a chaka chatha anasiyapo chizindikiro, ndipo penapake panali pomata pomwe mpaka lero sindidziwa kuti chinali chiyani. M'mutu mwanga ndinaona lamba ameneyu atadutsa pachifuwa pa diresi loyera.

"Bwanji osangomukoka yense, n'kumupukuta ndi kansalu konyowa ali momwemo?" anafunsa mayi a Tadala ali pakhonde.

"Za ukwati sitichita mwachidule," ndinayankha. "Ameneyu atuluke, achapidwe ngati malaya."

Anangoti "chabwino" n'kulowa m'nyumba. Amene muli pabanja mukudziwa kuti "chabwino" ameneyo si chilolezo.

Kwa amene simunayesepo (ndipo musayese), lamba wakumbuyo amatulukira pa kabowo ka pulasitiki ili m'mbali mwa mpando, cha paphewa pa wokhala. Kachitsulo kamene kamamukulunga kali kuseri kwa pulasitikiyo, ndiye kuti umuchotse uyenera kuyamba wamasula masikuluwu a pulasitiki. Mbali ya kumanzere zinayenda ngati ndine ndinapanga galimotoyo. Masikuluwu anamasuka, pulasitiki inatuluka, bawuti inagonja pa sipanala, lamba n'kugwera m'manja mwanga. Ndinayamba kuimba kakhwelu, n'kumadzifunsa kuti amakanika a ku Ndirande amalipiritsiranji anthu.

Mbali ya kumanja nayo inayamba bwino, mpaka ndinafika pa sikuluwu yomaliza, yam'mwamba, pamwamba penipeni pa mpando. Kanthu kochepa ngati njere ya chimanga. Ndinapotoza, osagwedera. Ndinatsamira ndi thupi lonse, sikuludiraiva n'kupulumuka. Ndinabwerezanso, n'kupulumukanso. Nditasuzumira ndinapeza kuti mutu wake, umene unali ndi kamtanda, tsopano unali kadzenje kosalala.

Kuno kwathu munthu sungatsegule zitseko zonse za galimoto popanda alangizi kutulukira. Wanga anali a Makwinja, a landilodi athu, amene ankayendetsa malole opita ku Beira kalekale ndipo amakhulupirira kuti palibe chitsulo chimene sichinawagwadirepo. Anabwera ndi kampando kawo, n'kukhala.

"Imeneyo ikufuna kuidzidzimutsa," anatero. "Ikani sikuludiraiva, menyani ndi hamala."

Ndinamenya. Sikuluwu sinadzidzimuke, chinadzidzimuka ndi chala changa chachikulu. Ndinavina pang'ono pabwalopo (mawu amene ndinanena sindingawalembe, ndine wa kwaya ya abambo), a Makwinja akugwedeza mutu ngati zimenezo zinali m'dongosolo.

"Ndiye kuti ikufuna moto. Chitsulo chikamva kutentha chimafewa mtima."

Tinatenthetsa msomali pa mbaula mpaka unafiira, ine n'kuugwira ndi pulayala, n'kuukanikiza pamutu pa sikuluwu. Chinafewa mtima ndi pulasitiki. Inachita dzenje lakuda mozungulira, galimoto yonse n'kununkha ngati kudzala. Sikuluwu inali pakati pa dzenjelo, ili phee.

Apa munthu wanzeru akanaima. Lamba mmodzi anali atatuluka kale, ndipo mkwatibwi akanatha kukhala mbali imeneyo. Koma pofika apa nkhani sinalinso ya diresi. Inali ya ine ndi sikuluwu, ndipo amayi a nyumba zoyandikana anali atayamba kuchapa zovala moyang'ana kwathu.

A Makwinja analowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka ndi kabotolo ka oilo wakale wa injini, wakuda bii, amene anamusakaniza ndi palafini.

"Uyu ndi mankhwala a ku Beira uyu," anatero. "Ndamasula naye mabawuti a matayala a lole. Thirani, musaumire. Sikuluwuyo imwe."

Sindinaumire. Ndinathira, oilo n'kulowa m'dzenje lija osaonekanso. Ndinati sikuluwu ili ndi ludzu, n'kuthiranso. Ndinadikira pang'ono, kuyesa, osatheka, n'kuthiranso. Kabotolo kanatha. Sindinadzifunse ngakhale kamodzi kuti kasikuluwu kochepa choncho kangamwe bwanji botolo lonse. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, phulalo n'kudyabe.

Pomaliza ndinakwiya. Ndinagwira pulasitiki ndi manja awiri, phazi limodzi pachitseko, n'kukoka. Inathyoka pa dzenje lija n'kutuluka, sikuluwu n'kutsala pamalo pake itagwira kachibenthu. Ndinailozera chala, n'kuiuza kuti yaluza.

Malamba ndinawachapa m'beseni ndi sopo ndi bulashi. Madzi oyamba anada ngati a mumtsinje wa Mudi. Nditawayanika pachingwe ankawala, ndipo ndinaitana mayi a Tadala kuti adzaone.

"Ayera," anatero. Kenako ananunkhiza mpweya. "Nanga fungo la palafinili?"

"Ndi fungo la ntchito."

Madzulo ndinawabwezeretsa. Pulasitiki yothyoka ndinaimata ndi tepi, mpando ndinaupukuta pamwamba. Mipando yanga ndi yakuda, choncho sindinaone chilichonse chokayikitsa. Fungo ndinalithira perefyumu wa akazi anga (ichi achidziwa lero, akamawerenga).

Loweruka ku Chilomoni kunali kutentha kwa mu Okutobala. Galimoto inakongoletsedwa ndi maliboni, duwa lalikulu la nsalu yoyera lili pa boneti. Chisomo anatuluka amayi akuimba, diresi likuchita kuthobwa m'maso, mayi a Tadala atanyamula mchira wake ngati anyamula mazira. Anamukhazika kumbuyo, mbali ya kumanja. Ine ndinatembenuka monyadira.

"Alamu, mangani lamba. Ndi woyera ameneyo, ndachapa ndekha."

Chisomo anaseka. "Alamu, munaona kuti mkwatibwi atamanga lamba? Akwinya diresi."

Sanamukhudze n'komwe. Ankanena zoona, chifukwa pa maukwati onse amene ndapitako moyo wanga wonse, sindinakumbukire mkwatibwi ngakhale mmodzi atamanga lamba. Ena amachita kutulutsa theka la thupi pawindo akubayibitsa anthu. Izi ndinkazidziwa bwinobwino Lachisanu lonse lija.

Tinanyamuka, mahutala akulira, msewu wa mabampu uja ukumutsamiritsa mkwatibwi pampando bwino lomwe. Titafika pa tchalitchi ndinathamanga kukatsegula chitseko ngati dalaivala wa bwana. Chisomo anatsika, n'kutembenuka kuti akonze velo.

Nyimbo ya amayi inazima pang'onopang'ono, kuyambira amene anali pafupi.

Kumsana kwa diresi, kuchokera paphewa la kumanja kutsika mpaka m'chiuno, kunali banga lakuda, lonona, lalikulu ngati tsamba la papaya. Oilo yense uja anatsetsereka kuseri kwa pulasitiki n'kukamwedwa ndi siponji ya mpando. Usiku wonse anali m'menemo, akudikira munthu woti atsamire.

Chisomo sankaona kumsana kwake, ndiye ankangofunsa kuti, "Chachitika n'chiyani? Bwanji mwasiya kuimba?" Amalume ake anayang'ana banga, n'kuyang'ana ine, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ya hayala ija inali ndi mipando yachikopa." Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mayi a Tadala sanakalipe. Anagwira bangalo ndi chala, kununkhiza, maso awo n'kudzaza misozi. Kenako anapita pa boneti, anazula duwa la nsalu lija ndi maliboni ake, anapempha mapini kwa amayi a mvano, n'kulimangirira kumsana kwa mng'ono wawo.

Chisomo analowa m'tchalitchi atavala zokongoletsa za galimoto yanga. Ku holo, nthawi ya perekaniperekani, ankavina osatembenuka kwambiri, mkulu wake ali pambuyo pake ngati mlonda. Ndinamva mayi wina wa kuchimuna akufunsa kuti sitayilo ya duwa kumsanayi anaisoka telala wa kuti.

Pobwerera kunyumba, mayi a Tadala anakhala ndi diresi pamiyendo. Tikulowa mu Zingwangwa ndi pamene anati:

"Diresi ili linapirira mvula ya ku Bangwe, linapirira makoswe a ku Machinjiri. Ndimalibisa kwa ana, ndimalibisa kwa njenjete. Sindinadziwe kuti woyenera kumubisira ndi amene anandivula velo."

Diresi linapita kwa ochapa, linabwera banga litangosanduka lotuwa. Linabwerera pansi pa sutukesi, ndipo sutukesiyo tsopano ili ndi loko. Malamba akadali oyera mpaka lero, chifukwa palibe amawamanga.

Patapita masabata angapo, ndikuchotsa tepi imene inayamba kumatuka, ndinagunda sikuluwu ija ndi chala. Inazungulira. Ndinaipotoza ndi zala ziwiri zokha, n'kugwera m'dzanja langa, yonyezimira ndi oilo. Ndinapita nayo kwa a Makwinja, n'kuwapatsa. Anaiyang'ana padzuwa, n'kumwetulira.

"Mwaona? Mankhwala aja salephera. Vuto lanu ndi phuma."

Sikuluwuyo ndinaiika m'thumba la malaya, ndipo mayi a Tadala ataipeza pochapa anaiika pamwamba pa sutukesi ija, pomwe ndimaiona m'mawa uliwonse ndikamavala. Masiku ano chitseko cha kutsogolo chayamba kulira tikadutsa pa mabampu. Ndasuzumira kale: masikuluwu ake ndi ochepa, ndipo akuoneka ofewa.