Bwana, Bambo Ake a Lonely Sanabwerebe

Monkey Bay,
Seputembala, 1984.

Kwa Bwana Wapampando,
Bwalo la Milandu ya Mabanja.

Olemekezeka Bwana,

Kalatayi ndikulemba nditagwada, ndiye mukaona zilembo zina zapendekeka mundikhululukire, ndi mawondo.

Ndine Celestina Simioni, mphunzitsi wa Sitandade 3, mayi wake wa Lonely. Mwina simundikumbuka, poti nkhope za pakhonde panu n'zochuluka ngati usipa woyanikidwa. Ndine uja ndimakhala kumapeto kwa benchi, pamene pali msomali wong'amba zitenje. Sindinalembe kudzadandaula, ine ndani? Ndalemba kudzathokoza, ndipo zothokozazo ndaziika m'ndondomeko kuti zisakutopetseni.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chigamulo chanu. Banja langa ndi a Macloud litatha, munagamula kuti mwana ndi wa tonse awiri: masiku a sukulu azikhala kwa ine, patchuthi azipita kwa bambo ake, ndipo pasapezeke womuolotsa mlatho wa Shire popanda mnzake kudzavomera pamaso panu. Tsiku limenelo ndinaimba nthungululu. A Macloud nawo anakondwa kwambiri, moti mwezi usanathe anakwera ndege ya ku Joni kukagwira ntchito ya m'migodi. Iwo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinazindikira pambuyo pake kuti chingwe chanu chinamanga mwendo wa mwana yekha, wa bambo ayi, ndipo ndinagoma ndi nzeru zoterozo. Nthawi imeneyo Lonely anali akukwawa. Lero amatunga madzi yekha ndipo amawerenga zikwangwani za pamsika. Kalata, chithunzi, ngakhale moni wotumiza pakamwa, sitinalandirepo. Dzina lakuti Lonely anamupatsa ndi iwo, ndipo inu Bwana, monga munthu wophunzira, mukuona kuti pa malonjezo awo onse ili lokha ndi limene analisunga.

Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa kumvera, imene ndi imodzi mwa nsanamira zinayi za dziko lathu. Sukulu ikangotsekera ndimamusambitsa mwana, kumudzoza mafuta, kumumangira kamtolo ka zovala, n'kupita naye kunyumba ya bambo ake kuseri kwa msika. Denga linagwa kale, chitseko anthu anasonkhera moto, ndipo mukukhala mbuzi za eni ake. Timaodira ndithu mwaulemu. Tonde wamkulu amatuluka n'kutiyang'ana. Chaka chatha mwana anandikoka chitenje nati, "Amayi, ndiwapatse moni ati?" Timakhala pakhonde mpaka dzuwa litatentha, kenaka n'kubwerera. Amayi ogulitsa zitumbuwa amanena kuti mutu wanga unasokonezeka ndi choko. Ine ndimawauza kuti si misala ayi, ndi lamulo, zimangofanana.

Chachitatu ndiye mwini nkhani. Akuluakulu a zamaphunziro andisamutsira ku Katuli. Sindinawiringule, poti ana a ku Katuli nawonso ndi ana. Vuto ndi lakuti Katuli ali tsidya lija la mlatho. Ndinathamangira kwa inu, ndipo munandilandira bwino kwabasi. Munavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso, nimuti, "Mayi, iyi ndi nkhani yaing'ono. Bwerani ndi bambo ake." Nditakukumbutsani kuti bambo akewo analowa utchona, munalamula mesenjala kuti awaitane. Anaima pakhonde, chifuwa patsogolo, n'kufuula dzina la a Macloud. Atasowa womuyankha anakasuzumira kuseri kwa chimbudzi, n'kubwera kudzanena kuti woitanidwa sanafike. Mlandu munauimitsa. Ulendo wotsatira chimodzimodzi, winawo chimodzimodzi. Ndikupempha kuti mesenjala ameneyu mumukweze udindo. Mawu ake amamveka mpaka kudoko kumene imaima Ilala, amangoperewera pang'ono kufika ku Joni.

Chachinayi, ndikuthokoza kusakondera kwanu, chifukwa mboni zanga zonse munazibweza mofanana. Achimwene anga a Willard, amene ndiwo malume a mwana ndiponso mwini mbumba, anasiya bwato pamchenga ku Chembe nsomba zili mbwee, n'kuyenda kudzanena kuti akuvomera. Inu munati iwo ndi a kuchikazi. Ndinakagwada kwa a Kalisto, mng'ono wawo wa a Macloud, ndipo anabwera atavala jekete ya akulu awo yomwe. Inu munati jekete ndi yomweyo koma munthu ndi wina. Kenaka Mulungu anandibweretsera a Atumani, amene angobwera kumene kuchokera kumigodi ndi njinga yatsopano ndi wailesi. Analumbira pamaso panu, nati, "Wallahi, Bwana, a Macloud ndawaona ndi maso angawa. Ananenepa, anakwatira kumeneko, ana ali bwalo lonse. Nditawatchulira za kumudzi anandifunsa ngati nyanja ikadalipo."

Apo mtima wanga unati myaa, ndinati lero zatha. Inu munagwedeza mutu mokhutira, nimuti, "Zikomo a Atumani. Ndiye kuti munthuyu ali moyo. Poti ali moyo, tidikire mawu ake." A Atumani anatuluka akupepesa kwa ine ngati andiphera nkhuku. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mayi wamasiye ali pabwino kuposa ine, chifukwa wakufa sadikiridwa. Potsazikana munandilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhonoyo, Bwana, maso ake ndinawaona kalekale. Inakalamba ndikuiyang'ana, pano yatsala chigoba.

Tsopano onani pamene ndaima. A hedimasitala andiuza kuti sukulu ikatsegulira ndisanafike ku Katuli, ntchito yatha, ndipo nyumba ya aphunzitsi imene tikukhalamo akulowamo wina. Ndikamutenga mwana, ndaphwanya lamulo lanu, andigwira pamlatho. Ndikamusiya, ndimusiyira ndani? Mayi anga anatisiya kale, a Willard amakhala pamadzi kuposa pamtunda, ndipo a Kalisto ngakhale nkhuku siziwakhalira pakhomo. Bwana wina akuti pita, bwana wina akuti usasunthe, ndipo nonse ndinu boma. Ine miyendo ndili nayo iwiri inde, koma yonse inamera pa thupi limodzi.

Mwanayo ndiye anamanga kale katundu wake. Makope, kadiresi ka kutchalitchi ndi chipeso chothyoka waika m'jumbo, ndipo anzake onse wawauza kuti akupita kumene kuli mapiri. Dzana akundithandiza kutsuka mbale anandifunsa kuti, "Amayi, munthu amene sandidziwa nkhope angandikanize bwanji ulendo?" Ine ndimaphunzitsa ana chipinda chodzaza, mafunso awo ndimayankha tsiku ndi tsiku, koma pa ili ndinamuuza kuti ndikafunsa kwa anzeru. Ndiye ndafunsa.

Pomaliza, Bwana, ndili ndi kapempho kakang'ono, ndipo ndakapeza poganizira kuti ndisalakwire aliyense. Lole ya ku Katuli ikunyamuka Loweruka, ndipo ine ndikwera, pomvera boma. Lonely saoloka mlatho, pomvera inu. Choncho Lachisanu masana ndidzamubweretsa kunyumba kwanu ndi mphasa yake, akhale m'manja mwa lamulo mpaka bambo ake atadzalankhula. Si mwana wovuta. Therere sadya, nyemba zimamutsegula m'mimba, ndipo tsitsi lake limafuna kulukidwa Loweruka lililonse, koma musakoke kwambiri pamphumi, amaluma. Amaimba akangodzuka, nyimbo imodzi yomweyo, ndipo mudzaizolowera. Akadzatha msinkhu mudzamupezere anankungwi abwino, akadzabwera omufunsira mudzandidziwitse.

Mayi akunyumba kwanu akadzafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani, musavutike n'kufotokoza. Ndamuphunzitsa kale kugwada bwinobwino n'kuyankha momveka, kuti ngakhale oyandikana nanu amve: "Ndine wa a Bwana Wapampando, amayi anga anati andisunga ndi iwowo."

Koma ngati mungaone kuti mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ndi katundu wolemera pakhomo pa munthu wolemekezeka, cholembera chanu n'chopepuka kuposa iyeyo. Mzere umodzi wokha, ndi chidindo pansi pake, ndidzadzatenga ndekha Lachisanu m'mawa. Masana akakwana ndisanaulandire, muuze a kukhitchini awonjezere mbale.

Ine wanu womvera mpaka kuwawa kwa msana,

Celestina Simioni,
Mayi wake wa Lonely.