Anyezi wa a Lanty Fleming

Kuno kwathu ku Westmorland nthawi tinkaiyeza ndi anyezi. Anatiphunzitsa zimenezi ndi malemu a Lanty Fleming, eni ake a Dorcas, boti la nthunzi lomwe linkatiwolotsa nyanja popita ku tawuni.

Boyila ya botilo, mowiritsira madzi kuti apange nthunzi, inali ya mapaipi opiringizana ngati matumbo a nkhosa, ndipo pansi pake panali chitofu cha palafini. Chitofucho sichinkayatsidwa chili chozizira. A Lanty ankayamba athira sipiliti m'kambale n'kuyatsa kuti chitsulo chitenthe. Kenaka ankakhala pansi, kutulutsa anyezi wamuwisi m'thumba la jekete, n'kumamudya ngati chipatso. Anyezi akatha, ndiye ankatsegula kampopi ka palafini. Nsidze analibe ndi imodzi yomwe, choncho sunkadziwa ngati akwiya kapena akudabwa.

Tsiku lina abusa athu ankachedwa ku maliro tsidya lija.

"A Fleming, chonde, malemu akudikira."

"Amenewo ndiye odziwa kudikira, abusa."

Bwana wina wa ku Manchester anawapatsa wotchi yasiliva kuti asiye zonunkhazo. Iwo anaitembenuza, kuinunkhiza, n'kuibweza.

"Imadyedwa imeneyi?"

Pa doko anthu ankadandaula, koma podikira anyeziyo ndi pomwe nkhani zonse za m'mudzi zinkaphikidwa. Ine ndine wamanyazi. Ndinkakhala kumapeto kwa benchi n'kumangomvetsera, ndipo zaka zitatu a Lanty sanamve mawu anga kupatula moni.

Ndiye kunabwera m'mawa uja wa mu Febuluwale. Mwana wanga Tamar anali ndi chaka chimodzi. Anadzuka akukhosomola ngati galu akuuwa, ndipo akamakoka mpweya pakhosi pankalira likhweru. Bambo ake anali atapita kale kokumba miyala. Msewu wozungulira nyanja unali utatsekedwa ndi chipale chofewa, dokotala ali tsidya lina. Ndinamukulunga m'shawelo n'kuthamangira ku doko.

Boyila inali yozizira. A Lanty anamvetsera kupuma kwa mwana kamodzi kokha, anathira sipiliti, anayatsa. Kenaka anakhala pansi n'kupisa dzanja m'thumba.

"Bambo Fleming," ndinatero, mawu akutuluka pang'ono. "Lero lokha."

"Kwerani, mayi a Tamar. Khalani apo."

Anayamba kusenda. Milomo ya mwana inali itayamba kuda. Sindikudziwa chomwe chinandilowa. Ndinawalanda anyeziyo, n'kumumaliza poluma katatu kokha, ndi makoko omwe, misozi ili chuchuchu.

"Watha. Tsegulani."

Anandiyang'ana, n'kutulutsa wina m'thumba linalo.

"Wanuyo sawerengedwa. Mano anu ndi achitsikana."

Ndinatambasula dzanja kuti nditsegule ndekha kampopi kaja. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti mabala a zala zawo ndinakhala nawo sabata yathunthu.

"Tandiyang'anani kumasoku, mwana wanga. Nsidze zinapita tsiku lomwe ndinafulumira. Palafini akagwera pa chitsulo chozizira amangosefukira, kenaka boti lonse moto. Tsiku limenelo ndinali ndekha, ndinadumphira m'madzi. Uyu amadziwa kusambira?"

Ndinakhala pansi. Iwo analuma anyezi uja. Sanalume chachikulu kuposa masiku onse. Ankatafuna, Tamar ankaliza kalikhweru kake, ine ndinkawerenga zonse ziwiri. Pena kalikhweru kankasowa, ndipo ndinkamugwedeza mpaka kabwerere. Anyezi ameneyo anali wamkulu kuposa onse omwe ndinaonapo padziko.

Atameza chomaliza anatsegula kampopi. Chitofu chinabangula, moto wake wobiriwira, wopanda utsi. Singano yoyezera nthunzi inayamba kukwera, iwo akuinyengerera ngati ng'ombe yokana goli.

"Tiye, mayi iwe. Lero usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

Tikuchoka pa doko anatsegulira nthunzi ku ketulo yamkuwa yomwe inkawiritsa tiyi wa alendo. Ketulo imeneyo inkawira usanamalize kutsuka kapu.

"Fundani shawelo nonse awiri, nthunzi izilowa. Musayandikire kwambiri, mungamuwotche."

M'kati mwa shawelomo munali mdima, kutentha, ndi fungo la m'kamwa mwanga. Ndinkangomva injini ikugunda ndi a Lanty akukalipira mafunde. Tili pakati pa nyanja Tamar anakhosomola kwambiri, kenaka analira kulira kwenikweni, kokwiya, kokhala ndi mpweya.

"Walira ndani uko?" anafunsa a Lanty.

"Tamar."

"Ndi fungo lanulo. Ngakhale ine ndikanalira."

Titafika tsidya lija dokotala anamupima, anati tafika nthawi yabwino, kenaka anapita kukatsegula zenera ngakhale kunja kunali chisanu.

Kuchokera tsiku limenelo, ndikafika pa doko a Lanty ankaphimba thumba la jekete ndi dzanja.

"Bisani chakudya, abale, afika aja."

Anthu ankaseka, ine nkhope ili pansi, koma ankandisunthira malo pakati pa benchi, ndipo ndinayamba kuyankha akandifunsa.

Anamwalira chaka chatha, pakama pawo, mosafulumira. Dorcas ali pamtunda, atamuphimba ndi lona, poti palibe amene akulimba mtima kuyatsa chitofu chija. Tsopano kuli boti la petulo. Mwini wake amangopukusa chitsulo kamodzi, basi lanyamuka. Anthu amafika pa nthawi yake, kukwera, kutsika, ena osapatsana ndi moni. Benchi lija lamera ndere.

Tamar ali ndi zaka zinayi, ndipo amandikoka siketi kufunsa chifukwa chomwe timafikira msanga pa doko pomwe palibe munthu. Ndimamuuza kuti sitinafulumire kwambiri. Ndi anyezi mmodzi yekha.