Msomali wa a Wongolani

Mumsewu wa matelala uja munali munthu mmodzi amene sankatha kuona mnzake atakhala pampando osamuuza kuti adzuke. Dzina lake lenileni linatsalira pachitupa. Aliyense ankangoti a Wongolani, chifukwa mawu amenewo ndiwo anali moni wawo. Anthu ena amati mwadzuka bwanji, iwo ankati, "Wongolani msana, bambo." Ankadziwongola potsegula shopu, podikira basi, ngakhale pamzere wa kuchipatala pakati pa anthu odwala. Akaona chipilala kapena mpanda, mwendo unali utakwera kale.

Mushopumo ankasoka awiri ndi mng'ono wawo, amene iwo anamupatsa dzina loti Chitsa, chifukwa akakhala pamakina m'mawa kuwazula kwake kunali kwa madzulo. A Chitsa sankadziwa moyo wina koma mpando umenewo. Mwana wawo wamkazi anali atayamba kale kunena kuti akalamba, asiye kusoka akakhale kwa iye. Iwo ankangogwedeza mutu uku phazi likupalasa. Kukhala pakhonde la mkamwini n'kumayang'ana msewu ankakuopa kuposa imfa.

A Wongolani anali ndi lamulo lawo: ulusi ukatha m'bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wapansi wa makina, telala naye aime. Makina a mng'ono wawo akangoyamba kulira opanda ulusi wapansi, iwo anali atamva kale.

"Chitsa, dzuka."

"Ndili pakati pa kolala, achimwene."

"Kolala ilibe msana. Iwe uli nawo."

"Wanga sukupweteka."

"Msana ndi munthu wofatsa, mphwanga. Sakuyankha lero. Adzakuyankhira pagulu."

A Chitsa sankadziwongola. Pazaka zonsezo sanakwezepo dzanja chifukwa chouzidwa. Koma kudzuka kokha ankadzuka, chifukwa mushopu imeneyo munalibe chinthu chokhala pafupi. Chitini cha mabobini chinkakhala pamwamba pa kabati kuchipinda chakumbuyo. Choko chinkakhala pamwamba pa chitseko. Sizasi yaikulu, imodzi yokhayo, inkapachikidwa pamsomali pafupi ndi denga, moti poitenga munthu ankanyanyamphira mpaka nthiti kulira.

"Achimwene, sizasi mumaikiranji kumwamba ngati mbendera?"

"Makoswe."

"Makoswe amadya chitsulo?"

"A masiku ano sunawaone."

Mabobini ankapota ndi a Wongolani okha, ndipo sankadzaza. A Chitsa akadandaula, yankho linali loti chopotera n'chokalamba, chimatopera pakati.

Makasitomala nawo sankapulumuka. Tsiku lina kunabwera bwana wina wa muofesi, mimba ili patsogolo ngati ikumulondolera njira, kudzayezetsa thalauza. A Wongolani anakoloweka tepi m'khosi n'kunena kuti, "Gwirani zala za kumapazi, bwana."

"Ndabwera kudzasoketsa thalauza, osati kudzalowa usilikali."

"Thalauza sitisokera munthu woima. Tsiku lina kiyi idzagwa pamaso pa anthu, mudzawerama, ndipo dzina lotukwanidwa lidzakhala langa."

Bwanayo anawerama. Manja anafika pamaondo n'kuima, nkhope itatupa.

"Zala zanu munazionako liti komaliza?"

"Zilipo."

"Mukaziperekere moni."

Munthuyo anatuluka akung'ung'udza kuti sadzapondanso. Anabweranso mwezi wotsatira ndi nsalu ina, ndipo asanapereke moni anawerama yekha kuti aonetse kuti wafika pamsongolo.

Choonadi chiyenera kunenedwa: a Wongolani nawo ankapitirira muyezo. M'mawa wina wozizira, thupi lisanatenthe, anaponya mwendo pawindo la wometa, amene shopu yake inali yogundizana ndi yawo. Windolo linali lalitali. Kuntchafu kunamveka kuti thu, mwendo n'kukanirira pomwepo. Kutsitsa sankatha, kukweza sankatha. Anthu ankadutsa, iwo n'kumapereka moni ngati zonse zili bwino.

Wometa anasuzumira. "Madala, mwachita lendi windo langa?"

"Ndikulola mnofu uganize."

"Waganiza mokwanira. Makasitomala anga akuona nsapato yanu m'galasi."

"Kaitane Chitsa. Usafuule."

A Chitsa anatuluka, n'kunyamula mwendo wa mkulu wawo ndi manja awiri ngati mpukutu wa nsalu, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. A Wongolani thukuta lili kamukamu, mano ataluma, anayang'ana mng'ono wawo n'kuti, "Waona? Wadzuka."

Anatsimphina masiku angapo. Ankatenthetsa kansalu ndi simbi n'kumakaika pantchafu, ndipo ngakhale zimenezo anazisandutsa phunziro la msewu wonse. Ankati kupweteka kuli pawiri: kulipo kokoka, kulipo kobaya. Kokoka upirire, upume bwinobwino, kumasiya kokha. Kobaya uleke pomwepo, usachite manyazi. Ndipo thupi lozizira salikoka, ayambe alitenthetsa poyenda. Wometa ankati phunzirolo linaperekedwa ndi windo lake, koma dzina lapita kwa wina.

A Wongolani anamwalira masana, tsiku la ntchito. Bobini ya a Chitsa inatha, makina analira opanda ulusi, koma panalibe wonena kanthu. A Chitsa anadikira. Kenako anacheuka n'kuona mkulu wawo atatsamira makina, tsaya lili pansalu ya buluu, tepi ili m'khosi.

"Achimwene, lero mwakhala pansi?"

Zii.

Kalipentala atabwera kudzayeza, anayeza kawiri n'kunena kuti matabwa amene anabwera nawo achepa, munthuyu ndi wamtali kuposa mmene ankaonekera. Wometa anati n'zosadabwitsa, munthu wadzikoka moyo wake wonse. Anthu anaseka chamumtima. A Chitsa sanaseke, komanso sanalire. Anamva zonse ngati zikuchitika kushopu ya eni. Anthu ankawagwira dzanja, iwo n'kumayang'ana msoko wa jekete la wowapepesayo, kuona ngati ndi wowongoka.

Atabwerera kuntchito, choyamba anakonza shopu. Anatsitsa sizasi n'kuiika pambali pa makina. Choko anachiika m'thumba la malaya. Chitini cha mabobini anachiika pansi pa mpando. Anatenga chopotera chija kuti aone pamene chimatopera, koma bobini inadzaza mpaka m'milomo. Anapota ina, nayo inadzaza. Anaiyang'ana kanthawi, n'kuiika m'makina osaganiza zambiri. Masiku amenewo sankaganiza zambiri pa chilichonse.

Ntchito inathamanga. Panalibenso wowadula pakati pa kolala. Ankakhala m'mawa, n'kudzazindikira kuti kunja kwayamba kuda.

Msana unayamba ndi kulemera chabe, ngati wina waika njerwa m'chiuno. Kenako mwendo wamanja unayamba kuchita dzanzi, moti nthawi zina ankayang'ana pansi kuti aone ngati phazi lili pachopondera. Khosi linauma gwa. Munthu akalowa, ankatembenuka ndi mpando womwe. Sanauze munthu. Dzanzilo silinawavute kwenikweni, chifukwa linkafanana ndi mmene mumtima munalili.

Tsiku lina mwana wawo anabwera kudzawaona. A Chitsa anafuna kudzuka kuti amulandire chikwama. Anagwira tebulo, anakoka, thupi linakana. Anayesanso, chiuno chinabaya, n'kubwerera pampando.

Mwanayo anaika chikwama pansi. "Ababa, zayamba liti?"

"Ndi mpandowu. Watsika."

"Mpando sunatsike. Kale ndinkalimba mtima chifukwa abambo aakulu analipo. Pano mukagwa muno adzakutolani ndani? Loweruka ndibwera ndi galimoto. Makina tikaika kwathu, mukawafuna muzikawayang'ana."

A Chitsa sanatsutse. Panalibe chotsutsira munthu ali chikhalire.

Mwanayo atapita, wometa ndi amene anawazula pampando, n'kuwaimika motsamira khoma. Ataima choncho, nkhope ili pafupi ndi pulasitala, anaona chinthu chimene sanachionepo. Pansi pa msomali wa sizasi panali kabowo. Pansi pa kabowoko panali kena, ndi kenanso, mzere wa timabowo wotsika khoma mpaka pafupifupi paphewa la munthu, kalikonse kotalikirana ndi kanzake ngati m'lifupi mwa chala.

"Izi ndi chiswe?"

Wometa anakanda m'mutu. "Ndi madala. Ankakweza msomali mukapita kukagula ulusi. Hamala ankabwereka kwa ine."

"Kuyambira liti?"

"Ine ndinapeza atayamba kale."

"Bwanji sunanene?"

"Anati mukadziwa mudzagula sizasi yanu."

A Chitsa anayang'ana kabowo kotsikitsitsa, n'kukweza maso mpaka pamsomali. Malo onsewo dzanja lawo linakwera lokha, iwo akutukwana makoswe. Anayesa kukweza dzanjalo tsopano. Linafika pakati pa mzerewo n'kuima.

"Katenge hamala yako ija," anatero.

Wometa anazula msomali uja n'kuukhoma pakabowo kamene zala za a Chitsa zinalekezera, n'kupachikapo sizasi. Chitini anachibwezera pamwamba pa kabati, choko pamwamba pa chitseko. Mabobini odzaza aja a Chitsa anawamasula okha mpaka theka. Masiku otsatirawo ntchito inayenda ngati kamba. Ulusi ukatha ankagwira tebulo, n'kudzuka mobuula, n'kuyenda chogwira khoma kupita kumbuyo. Pena kunkakoka, n'kupirira. Pena kunkabaya, n'kuima, n'kutenthetsa kansalu ndi simbi. Kuchira sanachire. Dzanzi lokha ndi limene linayamba kusanduka ululu, ndipo ululuwo unkawauza pamene pali mwendo.

Loweruka galimoto inaima pakhomo. Mwana wawo analowa, dalaivala ali m'mbuyo ndi chingwe. Anapeza mpando uli wokha. A Chitsa anali pakhoma, chidendene chitanyamuka pang'ono, zala zikukanda chogwirira cha sizasi.

"Ababa, dikirani ndikutsitsireni."

"Isiye."

Mwanayo anaima n'kumayang'ana. Zinatenga nthawi. Sizasi inachoka pamsomali, a Chitsa n'kutembenuka nayo, kupuma kuli pamwamba, n'kuyenda okha mpaka patebulo lodulira.

"Nanga mwaiikiranji kutali chonchi, muli nokha muno?"

"Makoswe."

Mwanayo anayang'ana khoma, anaona mzere wa timabowo, anayang'ananso bambo ake. Anakulira mushopu imeneyo, ndipo khoswe sanamuonemo. Anauza dalaivala kuti apinde chingwe, lero sanyamula kanthu. Potuluka ananena kuti adzabweranso kudzaona, ndipo akadzawapeza atakanirira pampando sadzafunsanso. A Chitsa anati wamveka.

Msewu uja pano ndi wa anthu okhala pansi. Matelala amawerama pamakina awo kuyambira m'mawa, misana itapindika ngati zogwirira za maambulera, ndipo palibe wowasokoneza. Windo la wometa ndi loyera, palibenso chidindo cha nsapato. Bwana wa muofesi uja anabwera kamodzi, anaima pakati pa shopu kudikira kuti wina amuuze zowerama, ndipo poona kuti palibe, anangotambasula manja kuti ayezedwe.

Mushopu ija makina amodzi ndi ovundikira ndi nsalu ya buluu. Enawo amalira, kenako amasintha mawu ulusi wapansi ukatha. Pamakhala kanthawi kachete, kokwanira munthu kunena mawu awiri. Palibe amawanena. Kenako mpando umakhwekhwereza, a Chitsa n'kudzuka.